Nkhupakupa zativuta kudimba, galu wadwala nanenso thupi likutentha

Mlimi_Lutembwe
Abale pano pagulu nithandizeniko nzeru. Nili na dimba cha kumunsi kwa mtsinje wa Lutembwe kuno ku Chipata, nimalima lepu, matimati na anyezi, ndipo galu wanga amanilondola tsiku lililonse chifukwa kuli akuba. Chiyambire mvula udzu wakula maningi m'mbali mwa dimba, mbuzi na ng'ombe za anthu zimabwera kudzamwa madzi pafupi pomwepo. Manje galu wadzala nkhupakupa m'makutu, m'khosi mpaka pakati pa zala, sakudya, angogona chabe. Nanenso sabata yatha ninapeza imodzi yanimata kuseri kwa bondo, ninaichotsa, koma manje pamalopo pachita kachilonda kakuda pakati, mwanabere watupa, mutu ukuwawa ndipo usiku thupi likutentha. Kodi galu ndiye wanipatsira matenda? Nichite bwanji, ana amasewera naye.

MnyamataWaNavutika
Atate amenewo ni malungo, nyengo yake ni ino. Gulani Coartem mumwe basi.

NasiWaKuSinda
Iyayi achimwene, musawauze kumwa mankhwala asanapimidwe. Atate a Mlimi_Lutembwe pitani kukiliniki lero lomwe, akupimeni malungo choyamba chifukwa malungo ndi amene amapha msanga ndipo kuno kwathu aliko kwambiri. Koma mukafika musangonena kuti mutu ndi kutentha thupi, nenani kuti munalumidwa ndi nkhupakupa, tsiku lake, ndipo muwaonetse chilondacho olo chili pamalo obisika. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda amene kuchipatala timati tick bite fever. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Rickettsia kamene nkhupakupa imasiya m'thupi ikamayamwa magazi. Pakapita masiku 5 mpaka 7, nthawi zina kufika 10, munthu amayamba kutentha thupi, mutu waukulu, kuphwanya m'minofu makamaka m'khosi, mwanabere wa pafupi ndi polumidwa amatupa, ndipo polumidwapo pamachita nkhanambo yakuda yozunguliridwa ndi khungu lofiira, ngati popsa ndi ndudu. Ena amatuluka totupa pathupi, ena ayi. Coartem sagwira kachilombo kameneka ngakhale pang'ono. Mankhwala ake ndi doxycycline, koma akupatseni ndi adokotala, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana pamafunika kuti aweruze okha oyenera.

MnyamataWaNavutika
Asisi ine nakulira kumudzi ku Chadiza, nkhupakupa zatiluma kuyambira tili ana poweta ng'ombe, palibe anadwalapo zimenezo.

NasiWaKuSinda
Ambiri anadwala koma tinkati malungo. Mwa anthu ambiri matendawa amatha okha pakapita sabata kapena awiri, ndiye munthu amaganiza kuti mankhwala a malungo ndiwo amuchiritsa. Komanso si nkhupakupa iliyonse ili ndi kachilombo. Koma kwa okalamba ndi amene ali ndi matenda ena kale amatha kukula, ndiye palibe chifukwa chovutikira kunyumba pamene mankhwala alipo.

WaZiwetoKatete
Niyankheko za galu poti ndiyo ntchito yanga. Choyamba, galu sanakupatsireni matenda iye mwini, sangakupatsireni ponyambita kapena pogona pafupi. Chimene chachitika n'chakuti inu na galu mumayenda mu udzu umodzi, nkhupakupa zakulumani nonse, aliyense yake. Koma galu amatha kuzinyamula kuzibweretsa pakhomo, pamenepo ndiye pali nkhani ya ana.
Manje chitani ichi. Mutukuleni mlomo wakumwamba muone nkhama. Galu wabwinobwino nkhama zimakhala zofiirira. Zikakhala zoyera kapena zachikasu, ndiye kuti magazi akutha. Onaninso mkodzo, ukakhala wofiira moderapo ni chizindikiro choipa. Amenewo ni matenda a Babesia, ena amati biliary, kachilombo kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, ndipo galu amatha kufa m'masiku ochepa chabe makamaka akakhala wamng'ono. Palinso ena a Ehrlichia, awa amayenda pang'onopang'ono, galu amaonda, amatha kutuluka magazi m'mphuno, maso amachita mantongo. Nthawi zina galu mmodzi amakhala nawo onse awiri. Kuvetinale amatenga kadontho ka magazi kukhutu n'kuyang'ana pamakina. Babesia amalasa nyeleti, Ehrlichia ni mapilitsi a doxycycline kwa masiku 28 osadumphitsa. Musachedwe naye.

Mlimi_Lutembwe
Nayang'ana, nkhama zayera ndithu. Zikomo akulu, mawa m'mawa niyamba kukiliniki kenako nimutengera kuvetinale pa njinga.

WaZiwetoKatete
Ngati zayera musadikire madzulo. Tumani mwana wamkulu apite naye pamene inu muli pamzere kukiliniki.

Kalongwezi_22
Kwathu timangogula Berenil ku agro shopu tilasa tokha, galu amadzuka tsiku lomwelo. Zopita kuvetinale ni kutaya ndalama.

WaZiwetoKatete
Apa pokha nikukanizani akulu. Berenil imagwiradi Babesia koma paketi ija inapangidwira ng'ombe, ndipo galu ni nyama imene mankhwalawa amaipweteka msanga. Mlingo umayendera kulemera kwa galu, mukapitirira pang'ono kapena mukabwereza nyeleti patapita masiku ochepa chifukwa mwaona kuti sanachire, amawononga ubongo, galu ayamba kuzungulira, kuuma miyendo, kulira, ndipo pamenepo palibe chobweza. Naona agalu abwino osaka akufa motero, osati na matenda koma na nyeleti yachiwiri. Amene wachira kwa inu anachita mwayi. Komanso ngati vuto ni Ehrlichia, Berenil sithandiza kanthu.

Kalongwezi_22
Nanga ife okhala kutali na tauni tichite bwanji, vetinale kumudzi amaoneka kamodzi pa nthawi.

WaZiwetoKatete
Funso labwino limenelo. Pezani nambala ya vet assistant wa kampu yanu, muimbireni, olo sabwera akuuzani kuti galu wolemera chakuti mlingo ni wakuti. Muyezeni galu pasikelo yogulitsira chimanga, mumunyamule inu muyezedwe naye kenako muchotsepo kulemera kwanu. Chachikulu osalasa mongoganizira na maso.

AmakeDaliso_Kapata
Ine funso langa ni kachotsedwe. Amayi anga ankati uike palafini kapena vaselini kuti ibanike ituluke yokha, ena amayatsa machesi kuiotcha kumbuyo. Mwana wanga wamng'ono ninamupeza nayo m'mutu kuseri kwa khutu titachoka kumunda ku Msekera.

NasiWaKuSinda
Amama zonsezo zisiyeni, palafini, vaselini, machesi, ngakhale sopo. Mukaivutitsa isanachoke imatha kulavulira malovu ambiri m'chilonda, ndipo kachilombo kamakhala m'malovumo. Tengani kopanira kaja atsikana amazulira nsidze, gwirani pafupi penipeni ndi khungu pamene pali mutu, osati pamimba potupa, kokani molunjika pang'onopang'ono osapotokola mpaka isiye. Kopanira kulibe, mangani ulusi wosokera kuzungulira mutu wake mukoke chimodzimodzi. Mukatero tsukani ndi sopo, pakani sipiriti ngati alipo. Kamutu kakatsalira musakumbe ndi singano, kamatuluka kokha khungu likamapola. Kenako lembani tsiku pakalendala, mwana akatentha thupi m'masabata awiri otsatira mukanene kukiliniki kuti analumidwa. Ndipo chonde musaiphwanye ndi zikhadabo, magazi ali m'katimo si oti akhudze khungu lanu makamaka pali kabala. Iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka sipiriti.

AmakeDaliso_Kapata
Zikomo asisi. Kuphwanya na chikhadabo ndiye timachita tonse pochotsa galu, nizauza anyamata asiye.

AmbuyaMchini
Ana inu mukukamba za nkhupakupa za kutchire, koma kale kumudzi zimene zinkativuta ni nkhufi. Izo sizimata pathupi ayi, zimabisala m'ming'alu ya chipupa cha dothi na pansi pa mphasa, usiku zituluka zikuluma n'kubwerera. Munthu ankatentha thupi masiku angapo, kuchira, patapita sabata zayambanso, choncho choncho. Mankhwala athu anali kuzira nyumba bwinobwino kuti ming'alu itsekeke, na kusamanga khola la nkhumba pafupi na nyumba yogona.

NasiWaKuSinda
Ambuya mwakumbutsa zenizeni. Amenewo ndi relapsing fever, kachilombo kake ndi Borrelia duttonii, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi oopsa, pathupi pamatha kuchoka. Nawonso amasokonezeka ndi malungo.

WaZiwetoKatete
Ndipo nkhufi zomwezo zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba, African swine fever, kamene katisautsa kuno kum'mawa zaka zambiri. Ambuya ananena zoona za makola.

NgoniWaMtenguleni
Poti mwatchula chigodola, ng'ombe zanga ziwiri zinafa nacho chaka chatha, zinatupa pansi pa makutu, thovu m'mphuno. Kodi ni chomwecho chagwira galu wa atatewa? Nanga munthu angachitenge?

WaZiwetoKatete
Iyayi malume. Chigodola cha ng'ombe ni East Coast fever, kachilombo ni Theileria parva, chimabwera na nkhupakupa yofiirira imene imakonda m'makutu a ng'ombe. Sichigwira munthu, sichigwira galu. Pa chimenecho pali katemera wa ana a ng'ombe, mtundu wa kachilombo umene amagwiritsa ntchito kuno kum'mawa umatchedwa Katete, kumwera amagwiritsa wa Chitongo. Mukamva kuti a vetinale akulemba mathole musaphonye. Nkhupakupa imene imavuta anthu kwambiri ni ina ija yokongola yamawangamawanga pamsana, miyendo yamizeremizere, ya pakamwa patali, imakonda kumabere na pansi pa mchira wa ng'ombe na mbuzi. Dzina lake Amblyomma. Ana ake ni tating'ono kwambiri, maso sationa msanga, ndipo timaluma tambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake ena amapezeka na tizilonda takuda tiwiri kapena titatu.

NgoniWaMtenguleni
Vuto madipu ambiri kumidzi anafa kalekale, madzi mulibe, mankhwala mulibe. Tikupopera na sipuleya ya thonje.

MphunzitsiChadiza
Madipu kufa ndi nkhani ya makomiti athu omwe, ndalama zimasonkhedwa koma sizioneka. Zili chimodzimodzi ndi makopaletivu a feteleza, chaka chino ena alandira mochedwa chimanga chitafika m'mawondo.

MnyamataWaNavutika
Feteleza musayambe aphunzitsi, tikhala pano mpaka mawa. Mwaona mtengo wa matimati ku Saturday Market? Bokosi latsika, a madimba alira.

Kalongwezi_22
Latsika chifukwa onse anabzala nthawi imodzi. Dikirani mvula iwononge ya m'madambo muone mmene likwerere.

AmakeDaliso_Kapata
Abale tibwerere ku nkhupakupa, za matimati tsegulani nkhani yake. Ine nifuna kudziwa chothira galu kuti zisamubwerere. Aneba athu amapaka oyilo wakuda wa galimoto.

WaZiwetoKatete
Oyilo wakuda ayi amama, amawotcha khungu ndipo galu amanyambita n'kudwala m'mimba na chiwindi. Mankhwala a thonje kapena a matimati nawonso ayi, agalu ambiri afa nawo ndipo ana amene amawagwira pambuyo pake amakhala pangozi. Zimene zilipo ni izi. Dipu ya amitraz, monga Triatix, ndiyo yotsika mtengo, koma werengani pabotolo ngati alembapo agalu na mlingo wake, musungunule ndendende mmene alembera, valani magolovesi kapena mapulasitiki m'manja, musambitsire panja, osati tiana ta galu, osati galu wodwala ngati wa a Mlimi_Lutembwe mpaka achire, osati mphaka. Botolo likhale kokiya chifukwa munthu akamwa ni ngozi yaikulu, ndipo musathire m'botolo la zakumwa. Pali ina yodontheza pakhosi ngati Frontline, imagwira pafupifupi mwezi. Pali mapilitsi otafuna, NexGard wa mwezi na mwezi, Bravecto wa masabata 12, amagwira bwino kwambiri koma mtengo wake ni wa anthu a malipiro.
Koma chimene anthu amaiwala ni ichi. Nkhupakupa ya agalu yofiirira ija sikhala kutchire chabe, imaswana pakhomo penipeni. Yaikazi ikakhuta imagwa, ikwera chipupa, ilowa mumng'alu, iikira mazira masauzande, ndipo ana ake amatha kukhala miyezi osadya akudikira. Ndiye mukasambitsa galu yekha n'kumubwezera pa thumba lomwelo, m'kanyumba komweko, sabata ziwiri wadzalanso. Wotchani masaka akale amene amagonapo, poperani kanyumba na ming'alu ya khonde, matani ming'alu na simenti kapena dothi, bwerezani pakapita masabata awiri kapena atatu.

WaKuMfuwe
Kuno kuchigwa ni nkhani ya tsiku na tsiku poti nyama zakutchire zili paliponse. Ogwira ntchito m'malodji amadziwa, alendo akachoka koyenda pansi m'tchire amauzidwa kudzifufuza thupi lonse madzulo. Ife alimi tichite chimodzimodzi. Nkhupakupa siuluka, sidumpha, imakwera pansonga ya udzu n'kutambasula miyendo kudikira chodutsa, ndiye imayambira kumiyendo n'kumakwera kufuna pofunda, kuseri kwa bondo, mphechepeche, m'chiuno pa lamba, m'khwapa, pansi pa mabere, m'tsitsi. Valani majombo, buluku mulowetse m'sokosi olo anthu aseke, zovala zowala kuti muzione zikamayenda. Pofika kunyumba sambani nthawi yomweyo, zovala za kudimba zisalowe kuchipinda, yanikani padzuwa. Kumsana akuyang'aneni amayi akunyumba. Imene mwaipeza tsiku lomwelo isanakhute, mpata wopatsira matenda umachepa.

MphunzitsiChadiza
Kulowetsa buluku m'sokosi mu Okutobala ndi kutentha kwa ku Mfuwe, akulu mukunena zotheka?

WaKuMfuwe
Okutobala udzu umakhala utapsa kale aphunzitsi, vuto lalikulu ni kuyambira Disembala mpaka mvula itatha udzu ukadali wautali. Nthawi imeneyo n'zotheka.

MwanaWaChipata_USA
Moni nonse kumudzi. Kuno ku America nkhani ya nkhupakupa ni yaikulu, anthu amaopa Lyme disease, dzina linachokera ku tauni ya Lyme ku Connecticut kumene ana ambiri anapezeka akutupa mawondo cha m'ma 1975. Munthu akalumidwa pamachita chibanga chofiira chomakula mozungulira. Atate onani ngati si imeneyo, imavuta ikakhalitsa.

NasiWaKuSinda
Alongo zikomo, koma tisawaopseze ndi za pa intaneti. Lyme ndi ya ku America ndi ku Ulaya, imayenda ndi mtundu wina wa nkhupakupa wa kumeneko. Chibanga chake chimakula n'kutambalala, pamene cha atatewa ndi kankhanambo kakuda pakati ndi mwanabere, chimenecho ndi chathu cha kuno. Ubwino wake mankhwala oyamba ndi amodzi omwewo. Chimene ndinganene choopsa n'chakuti munthu wolumidwa ndi nkhupakupa akayamba kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, kusanza magazi, kusokonezeka mutu kapena kuuma khosi, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala chachikulu usiku womwewo.

Mlimi_Lutembwe
Nabwerako abale. Malungo sanapezeke. Poyamba anafuna kungonipatsa Panado, koma nitakwinya buluku n'kuonetsa chilonda na kunena za nkhupakupa monga munanenera asisi, anaitana mnzawo kudzaona ndipo anipatsa doxycycline, ati nimwe na madzi ambiri nisagone nthawi yomweyo nikamwa. Galu anamupeza na Babesia, amulasa, ati nimupatse chiwindi na nsima yofewa apume, nibwerere naye akapanda kudya. Manje chatsala ni udzu wa kudimba, niganiza zongoyatsa moto.

AmbuyaMchini
Moto mwezi uno suyaka mwanawe, udzu ni wauwisi. Ndipo chilimwe ukayatsa upsereza nthochi na nzimbe za anzako.

NgoniWaMtenguleni
Makolo ankatentha tchire dala kuti nkhupakupa zichepe, sizinali zopusa.

WaKuMfuwe
Zimachepa kanthawi malume koma zobisala m'nthaka na m'ming'alu zimatsala, ng'ombe zikabwera zibweretsa zina. Pa dimba chothandiza ni kutchetcha udzu ufupike m'njira zonse na pamene mumakhala podya, dzuwa likafika pansi zimauma chifukwa zimafuna chinyontho. Zinyalala za masamba musaunjike pafupi na pogona galu. Ndipo mpanda ukhale wolimba kuti mbuzi zisamalowe, pomwera ziweto pakhale patali na pamene mumatungira.

MphunzitsiChadiza
Nkhuku ndi nkhanga zimathandizanso, kwathu nkhuku zimatola nkhupakupa pa ng'ombe m'khola m'mawa zisanatuluke. Koma tsiku limene mwapopera mankhwala zitsekereni. Palinso ombwe, uja a zofufuza ku Msekera ankalimbikitsa kubzala m'minda yogonera kuti nthaka ibwerere. Masamba ake timasinja, kuviika m'madzi usiku wonse, kusefa, n'kusambitsa ziweto.

WaZiwetoKatete
Ombwe amagwira ndithu aphunzitsi, muli poizoni wachilengedwe, koma mphamvu yake imasiyana mtengo na mtengo, wina amapha nkhupakupa wina sachita kanthu, ndipo sakhalitsa pathupi ndiye pamafunika kubwereza pafupipafupi. Chachiwiri, amapha nsomba. A Mlimi_Lutembwe ali m'mbali mwa mtsinje, madzi osambitsira asatayidwe kumene angatsikire mu Lutembwe, kaya ni a ombwe kaya ni a dipu. Kumbani kadzenje kumtunda muthiremo.

AmakeDaliso_Kapata
Nanga mphaka? Wathu amagona na ana ndipo nayenso nimamupeza nazo kumaso.

WaZiwetoKatete
Mphaka samalani kwambiri amama. Mankhwala a agalu amene ali na permethrin amapha mphaka, olo kungogona pafupi na galu wongothiridwa kumene amatha kuyamba kunjenjemera. Panado nayenso amapha mphaka, ndipo galu musamupatse popanda vetinale. Za kumaso zichotseni na kopanira, ndipo pogula mankhwala nenani kuti ni a mphaka, paketi ikhale na chithunzi cha mphaka.

Kalongwezi_22
Chimene chinivuta ine, olo nisambitse wanga nipopere pakhomo, agalu a aneba amayendayenda komboni yonse ali mbwee nkhupakupa, madzulo ali pageti panga.

AmakeDaliso_Kapata
Kwathu ku Kapata n'chimodzimodzi. Bwanji tisonkhe nyumba zingapo tigule botolo limodzi, tisambitse onse Loweruka limodzi? Botolo limodzi limakwana agalu ambiri, wekha limangotha ntchito lili pashelefu.

WaZiwetoKatete
Mukagwirizana tsiku pitani ku ofesi ya vetinale ya boma mukapemphe munthu adzakusungunulireni koyamba, ndipo mufunse ngati angabwere na katemera wa chiwewe tsiku lomwelo poti agalu akhala atasonkhana kale. Agalu oyamwitsa, tiana na odwala muwapatule, amenewo tiwachotsa na manja.

Kalongwezi_22
Amama lembani mayina a kwanu, ine nilemba a kuno. Sipuleya nili nayo koma inagwirapo mankhwala a matimati, wina abwereke yatsopano kapena tigwiritse mabeseni.